Thalauzi Langa Linakwera Sitima Ina

Pali nkhani zina zimene munthu amadikira kuti mboni zonse zitsikire kaye kuli chete asanazikambe. Iyi ndi imodzi mwa izo. Koma ndaona kuti mboni yaikulu, amene ndi akazi anga, ali ndi thanzi kuposa ine, ndipo akhala akuikamba mokhotetsa pa maukwati ndi pa maliro pomwe. Ndiye bola ndiikambe ndekha, mwina ndingapulumutseko kachidutswa ka ulemu.

Chinali chaka china matipate atangoyamba kumene, nkhondo ya ku Mozambiki itatha, mabasi atayambanso kudutsa msewu wa ku Tete mopanda kuperekezedwa ndi asilikali. Ine ndinali mphunzitsi wa Sitandade 7 pa sukulu ina ya pulayimale m'chigwa cha Domasi. Ndinkaphunzitsa za maiko ngati munthu amene anawaponda onse ndi mapazi ake, pamene ulendo wanga wautali kwambiri unali wa ku Lilongwe (ndipo kumenekonso ndinasochera). Ndiye itabwera kalata ya alamu anga a Yohane, achimwene awo a akazi anga, yotiitana kuti tikaone mzinda wa Bulawayo pa tchuthi chachikulu, sindinadikire kuti inki iume. Tsiku lomwelo aphunzitsi anzanga onse anadziwa kuti ndikupita kunja. Mawa lake anadziwa ogulitsa mandasi pa geti, ndipo pofika Lamulungu nkhani inali itakwera mpaka ku Malosa.

A Yohane anali atakhala ku Bulawayo zaka zisanu ndi ziwiri akugwira ntchito pa fakitale ina, ndipo anali atakwatira mkazi wa Chindebele amene palibe wa kwathu anali atamuonapo. Maganizo anga anali oti tipite awiri, ine ndi mkazi wanga Esinati, mwana timusiye kwa agogo ake. Ndinkadziona ndikuyenda m'misewu yotakata, mkazi pambali, ayisikirimu m'manja, ngati anthu a pa kalendala.

Koma nkhaniyo inafika m'makutu mwa apongozi anga aamuna, bambo ake a Esinati. Mundilole ndiwafotokoze pang'ono. Anali mkulu wa mpingo, munthu wamfupi, wowonda ngati bango, wosaseka wamba. M'zaka zinayi za ukwati wathu, mawu amene anandiyankhula anali moni ndi kutsanzika basi. Anthu ankati iwo ankafuna mwana wawo akwatiwe ndi mnyamata wina amene ankaphunzira zaubusa, ndiye ine ndinali ngati nandolo amene munthu amadya chifukwa nyama yasowa. Ndikawaona akubwera pa njinga, ndinkapeza chifukwa cholowera m'munda wa mpunga. Ali mnyamata, nthawi ya Chitaganya, anagwirapo ntchito yophika ku Bulawayo komweko. Ndiye tsiku lina madzulo anangofika pakhomo, n'kukhala pa mpando umene ndinawapatsa, n'kunena kuti pasipoti yawo yatuluka, tinyamuka liti. Sanapemphe. Ine ndinayankha kuti zakoma kwambiri, uku mtima ukulira maliro.

Kulakwa kwanga koyamba kunachitika polongedza. Ndinauza Esinati kuti ine sinditenga zovala zambiri, chifukwa ku Zimbabwe n'kumene zovala zimachokera, ndipo munthu wopita kudambo sasenza madzi. Ndinavala suti yanga ya ukwati, yotuwa moyererako, m'chikwama ndinangoponyamo mashati awiri ndi zam'kati. Thalauzi lina ndikagula komweko, la jini, loti anzanga akaliona adzadwale. Esinati anandifunsa kawiri ngati ndaganiza bwino. Kachitatu sanafunse, anangopinda zitenje zake mwakachetechete.

Kulakwa kwachiwiri kunabwera ndi apongozi aakazi m'mawa wa ulendo. Anatiperekeza mpaka pamsewu pokwerera minibasi, atasenza chigubu chachikulu cha thobwa la mawere, loti tizimwa m'njira. Pachivindikiro anali ataikapo kapulasitiki n'kumanga kolimba kuti lisatayike. Anandipatsa ineyo m'manja, ndipo mkamwini sakana katundu wa apongozi. Koma tangoganizani, munthu wa suti ndi tayi, wopita kunja, atanyamula chigubu chimene kale munali mafuta ophikira. Titangofika ku Blantyre ndinachikulunga m'thumba, ndipo titakwera basi yaikulu ya ku Harare ndinachikankhira pansi pa mpando, kumene palibe akanachiona.

Basi imeneyo inali yokongola kuposa nyumba yanga. Mipando yake inkagona chagada ukadina kabatani, ndipo ndinadina kangapo mpaka mayi amene anakhala kumbuyo kwanga anandifunsa ngati ndili ndi nsikidzi. Pa chipata cha Mwanza ndinalembera anthu atatu mafomu awo kuti aone kuti m'basi muli wophunzira. Pa Zobuwe ndinayankha wapolisi ndi mawu awiri a Chipwitikizi amene ndinkawadziwa, iye n'kundiyankha m'Chichewa chabwino kuposa changa. Apongozi anangoyang'ana kunja.

Za kutentha kwa ku Tete ndinkaphunzitsa ana chaka ndi chaka, koma tsiku limenelo ndinazindikira kuti ndinkawanamiza powachepetsera. Powoloka mlatho wa Zambezi, mpweya wolowa pazenera unali ngati wochokera mu uvuni wa njerwa. Pansi pa basi pankatentha moti nsapato zinkamata. Esinati ananong'oneza kuti titulutse thobwa lija timwe lisanasase. Ine ndinati tidzamwa kutsogolo, n'kugula zakumwa za m'mabotolo kwa anyamata a pazenera. Chigubu chinatsala pansi pomwepo, pafupi ndi injini, chikuganiza zake.

Ku Harare tinagona kwa munthu wina wa kwathu ku Songani amene apongozi ankamudziwa, ndipo tsiku lotsatira lonse tinazungulira m'tauni kudikira sitima ya madzulo. Ndinaona nyumba zazitali mpaka khosi linawawa. Ndinakwera masitepe oyenda okha katatu, kukwera ndi kutsika, popanda chogula. Thumba la chigubu lija ndinalinyamula tsiku lonse padzuwa, likukhutchumuka paphewa. Esinati ananenanso kuti ngati sitimwa ndingolitaya. Ndinati ndingataye bwanji thobwa la amayi ake bambo ake akuona. Apa ndiye ndinali ndi mfundo, ndipo ndimaikumbutsabe mpaka lero, ngakhale palibe amaimvera.

Pa siteshoni ndinakumana ndi lamulo limene sindinkalidziwa. M'zipinda zogona za m'sitima, amuna ankagona kwaokha, akazi kwaokha. Esinati anamutengera bogi ina kutsogolo, ine n'kupatsidwa kachipinda kamodzi ndi apongozi pamodzi ndi azibambo ena awiri. Inu amene munakwatira kuno kummwera mukudziwa tanthauzo lake. Munthu amene sindinadyepo naye mbale imodzi, tsopano ndigone moyang'anizana naye, mapazi anga pafupi ndi mutu wake. Ndinakwera pa bedi lapamwamba ndi suti yonse, tayi yomwe, ndipo ndinagona chowongoka ngati mtembo woyembekeza abale akutali.

Kutacha ndinapeza kuti azibambo awiri aja anatsika ku Gweru, tatsala awiriwiri. Sitima inali itachedwa, ndipo woyang'anira matikiti anati Bulawayo tifika dzuwa litakwera ndithu. Kunja kunali tchire la minga lokhalokha, lathyathyathya, lopanda phiri ngakhale limodzi loti diso lipumirepo. Tinakhala moyang'anizana, apongozi atapinda manja, ine ndikuwerenga kachitatu chikwangwani choletsa kulavula. Kenaka anatsokomola n'kulankhula chiganizo chachitali kuposa zonse zimene anandiuzapo chikwatirireni.

"Aphunzitsi, kukhosi kwauma. Thobwa lija amayi anu anakupatsani lilipo?"

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Nayi nthawi yoti ndioneke mkamwini wosamala, wosunga katundu. Ndinasolola thumba pansi pa mpando. Chigubu chinali chitasintha maonekedwe. Chija chinali cha makona anayi, tsopano chinali chozungulira ngati mimba ya mbuzi yodya chinangwa chowawa. Munthu wanzeru akanaona pomwepo kuti m'katimo muli msonkhano. Ine ndinachikhazika pakati pa ntchafu, ndinachipana bwinobwino, n'kupotokola chivindikiro.

Sindinachimalize. Chivindikiro chinandithawa m'manja n'kukamenya denga, ndipo phokoso lake linali ngati tayala la lole laphulika. Thobwa linatuluka choimirira. Lina linapita kudenga n'kubwerera ngati mvula, koma lambiri linasankha ine. Poyesa kutseka ndi chikhatho ndinangolipatsa njira yolowera m'miyendo. Pamene linkatha mphamvu, thalauzi langa lotuwa lija linali lofiirira kuyambira palamba mpaka m'mawondo, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndi timisere ta mawere tomata paliponse. Sindikufuna kunena chimene linkafanana nacho. Mwachidule, palibe munthu akanandiona n'kuganiza za chakumwa.

Ndiye fungo. Kachipinda konse kananunkha ngati pa shabini Loweruka. Apongozi, amene dontho la mowa silinadutsepo pakhosi pawo, anali ndi thovu pa chipewa ndi pa nsidze. Anatulutsa kampango, anapukuta magalasi awo pang'onopang'ono, ananunkhiza chala, n'kunena mofatsa kuti, "Limeneli si thobwanso ayi. Labwerera m'mbuyo."

Sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndigwade. Ndinapepesa kasanu, ndinapukuta mipando ndi shati yanga ina, kenaka ndinavula jekete n'kuthamangira kuchimbudzi cha kumapeto kwa bogi. M'kachipinda mwathu munali kabeseni ndithu, koma kuvula thalauzi pamaso pa apongozi ndinaona kuti bola imfa.

M'chimbudzimo ndinavula thalauzi n'kulichapa ndi kasopo kamene ndinapezamo. Linayera ndithu, ndipo ndinayamba kudziona wochenjera. Vuto linali kuuma. Ndinalifinya, ndinalikung'untha, koma linali lonyowa ngati lochokera mu mtsinje wa Domasi. Apa m'pamene mphunzitsi wa sayansi anadzuka mwa ine. Mphepo imaumitsa zovala, sitima ikuthamanga, ndiye kunja kwa zenera kuli mphepo yaulere. Ndinatsitsa kazenera, ndinatulutsa thalauzi, n'kuligwira mwendo umodzi. Linkauluka bwino kwambiri, ngati mbendera ya dziko limene langolandira ufulu.

Patapita nthawi dzanja linatopa, ndipo anthu anali atayamba kugogoda pachitseko. Ndinaganiza zopanikiza mwendo wa thalauzi ndi zenera kuti ligwire lokha, ine ndipumitse mkono. Zinatheka. Ndinaima pamenepo ndi shati, tayi, kabudula wam'kati, sokosi ndi nsapato, ndikuyankha ogogoda mwaulemu m'Chingelezi kuti apirire pang'ono.

Sitima inayamba kuchepetsa liwiro podutsa pa kasiteshoni kena ka m'tchire. Pa njanji yapambali panaima sitima ya katundu, mabogi a malasha ataloza kumene tinkachokera. Ndinaona bogi yoyamba ikudutsa pafupi kwambiri ndi zenera, yachiwiri, yachitatu. Ndisanaganize zokoka katundu wanga, ndinangomva kuti thwee, zenera n'kugwedera. M'manja mwa zenera munatsala kansalu kotalika ngati chala. Nditasuzumira, ndinaona thalauzi langa la ukwati litakodwa pa chitsulo cha bogi ya malasha, mwendo umodzi ukundibayibitsa. Linali litapeza sitima ina, ndipo mmene ndikudziwira linabwerera ku Harare.

Ndinakhala pa chivindikiro cha chimbudzi n'kuyamba kupemphera. Sindinapemphe thalauzi, chifukwa ngakhale chikhulupiriro chili ndi malire. Ndinapempha kuti sitima igwe, pang'ono chabe, mosavulaza munthu, kuti pakhale chipwirikiti choti munthu wopanda thalauzi asaoneke wachilendo. Pempherolo silinayankhidwe. M'malo mwake woyang'anira matikiti anagogoda ndi kiyi wake n'kunena kuti ngati sinditsegula atsegula yekha.

Ndinatsegula. Pakhonde panali mzere wa anthu asanu ndi mmodzi, kutsogolo kwake gogo wina wamwamuna atanyamula mswachi. Khonde la sitima ndi lopapatiza, moti kuti udutse munthu mumakhudzana mimba. Ndinakokera shati pansi mmene ndikanathera, ndinakweza chibwano, n'kuyamba kudutsa mmodzimmodzi, ndikupereka moni kwa aliyense. (Kabudula wam'katiyo anali wa masiku ambiri, ndipo lasitiki yake inali itapuma pantchito. Dzanja limodzi linali ndi udindo umenewo.) Palibe anaseka. Anthu a ku Zimbabwe ndi aulemu, anadikira mpaka nditatseka chitseko cha kachipinda kathu, kenaka bogi yonse inagwedezeka.

Apongozi anakweza maso. Anayang'ana nkhope yanga, anatsika pa tayi, anafika m'mawondo, n'kubwereranso kumwamba. Ine ndinakhala pansi msangamsanga n'kufunda jekete pamiyendo.

"Thalauzi lili kuti, aphunzitsi?"

"Latsika, bambo."

"Latsika pati?"

"Lakwera sitima ina."

Ndinaona mapewa awo akuyamba kunjenjemera, ndipo ndinaganiza kuti ndi mkwiyo. Kenaka kunatuluka kamawu ngati ka ketulo ikayamba kuwira, ndipo mkulu wa mpingo uja anagwira m'mimba n'kuseka mpaka misozi, mpaka kutsokomola, mpaka ndinachita kuwamenya pamsana. Aka kanali koyamba kuona mano awo. Anali ndi mpata kutsogolo, ngati wa Esinati.

Atapuma anatsegula sutikesi yawo n'kutulutsa thalauzi lawo lakuda la Lamulungu, lopindidwa bwino m'nyuzipepala. Ndinakana, chifukwa kuvala chovala cha apongozi ndi nkhani yoti ankhoswe akhalire pansi. Iwo anati ankhoswe ali kutali, ndivale. Anatembenukira kuzenera kuti andipatse ulemu. Koma ndanena kale kuti iwo anali bango, pamene ine mpunga wa ku Domasi unali utandikonda. Thalauzi linadutsa mawondo movutikira, pa ntchafu linaima. Ndinapuma mpweya wonse, ndinadumpha kamodzi n'kukoka. Linalira kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, n'kusanduka miyendo iwiri yosadziwana.

Apongozi sanatembenuke. Anangofunsa ali chiyang'anire kunja kuti, "Limenelonso lakwera sitima?"

Panalibenso njira ina koma kuitana Esinati, ndipo anapita okha kukamutenga. Atalowa n'kundiona nditakhala pakona, jekete pamiyendo, zidutswa za thalauzi la bambo ake m'manja, denga likudontha thobwa, sananene kuti ndinakuuzani. Ndikanakonda akananena. Anangotsetsereka pachitseko mpaka kukhala pansi, atatseka pakamwa ndi mpango, misozi ikuyenderera. Atatha anafunsa ngati kudambo kuja tafika, poti madzi sindinasenze.

M'chikwama chake munali zitenje ziwiri zoyera. China chinali cha nkhanga zikuluzikulu. China anachilandira ku sikelo ya ana, chojambulidwa bambo, mayi ndi ana awiri onenepa, ndi mawu akuluakulu olimbikitsa abambo kulera. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge cha nkhanga, koma apongozi anachigwira msanga. Ndinadabwa kuwaona akuimirira, akuchizunguliza m'chiuno pamwamba pa thalauzi lawo, n'kuchimanga mfundo pambali mwaluso, monga ankavalira chilundu madoda akale a ku Malemia.

Esinati anawafunsa chimene akuchita. Iwo anati munthu mmodzi akatsika sitima atavala chitenje ndi wamisala, koma akatsika awiri ndi mwambo. Kenaka anandiponyera chinacho.

"Ine ndili ndi ana asanu ndi anayi, uthengawu unandipeza mochedwa. Valani inu."

Anandiphunzitsa kumanga kwake, anandikonza jekete, anandiwongola tayi ndi manja awo. Mawu a kulera aja anagwera kumbuyo kwenikweni, pamalo pamene aliyense wonditsatira akanawerenga mosavutika.

Siteshoni ya Bulawayo ndi yaitali moti munthu ungatope usanaione mapeto, ndipo tsiku limenelo inali yodzaza. Ine ndinkayembekeza kuti a Yohane abwera okha, tithamangire mu takisi. Koma anabwera ndi akazi awo, ana awo awiri atavala zatsopano, ndi apongozi awo aamuna, bambo wamtali wa ndevu zoyera, atavala suti ya mabatani asanu ndi limodzi, atabwera kudzalandira asebele awo ochokera ku Malawi. Analembanso munthu wojambula zithunzi.

Apongozi anga anatsika poyamba, pang'onopang'ono, chilundu chikukwekwereza, mutu uli m'mwamba ngati akukalandira mendulo. Ine pambuyo pawo ndinatengera mayendedwe omwewo. A Yohane atationa anatsegula pakamwa, anayang'ana mlongo wawo, Esinati n'kuyang'ana kudenga. Bambo awo sanawapatse mpata wofunsa. Anapita molunjika kwa asebele awo, anawagwira dzanja ndi manja awiri, n'kuyamba kulankhula Chindebele chawo chakale cha kukhitchini. Pambuyo pake a Yohane ananditanthauzira. Akuti anati kwathu ku Domasi, mwamuna akamakaonana ndi asebele koyamba savala ngati mzungu, amavala chilundu, ndipo mkamwini wamkulu amavula thalauzi lenilenilo posonyeza kuti wabwera wopanda chobisa.

Mkulu wa mpingo, zaka makumi atatu akuweruza milandu ya anthu onama, ananena bodza limenelo osaphethira.

Bambo wa ndevu uja anagwidwa mtima kwambiri. Anavula chipewa, anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kunena kuti ana a masiku ano ataya miyambo, n'zosangalatsa kuona mphunzitsi wathunthu akusunga za makolo. Za fungo sanafunse, mwina anaganiza kuti ndi mbali ya mwambo. Tinajambulitsa pomwepo, ine pakati. Kenaka ananena kuti alendo olemekezeka chotere sangawabise mu takisi, tiyende pansi pang'ono aone mzinda. Ndiye misewu yotakata ija ndinkailota ndinaiyendadi, mkazi pambali, ndipo ayisikirimu anandigulira. Kumbuyo kwanga ana asukulu ankayesa kuwerenga Chichewa mokweza.

Madzulo ake a Yohane anandibwereka thalauzi, ndipo mawa lake ndinagula la jini lija. Koma Lamulungu kunali phwando lotilandira kwa asebele, abale onse ataitanidwa kudzaona Amalawi osunga mwambo, ndiye tinavalanso. Pa masabata awiri amene tinakhala, ndinavala chitenje cha kulera kanayi. Mzinda ndinauona ndithu, nyumba yosungiramo zinthu zakale, mapaki a maluwa, akasupe otumphuka, masitolo oti ukalowa umaiwala khomo. Koma anthu a ku Luveve, kumene a Yohane ankakhala, akamandikumbukira, sakumbukira munthu wa jini.

Pobwerera ine ndi apongozi tinakhala mpando umodzi m'basi, Esinati n'kukhala yekha kumbuyo. Apongozi anandifotokozera za ubwana wawo, za mzungu amene ankamuphikira, za mmene anathawira ntchito atapsereza nkhukundembo ya Khirisimasi. Pa Tete tinagawana botolo limodzi la madzi. Nditawafunsa ngati bodza lija silikuwavutitsa mumtima, anati analapa kale pa siteshoni pomwepo, ndipo akukhulupirira kuti Mulungu nayenso anaseka. Tinapangana kuti nkhaniyi ithere pa chipata cha Mwanza. Kusukulu ndinakamba za masitepe oyenda okha kwa teremu yathunthu, za sitima ndinkangoti inali yabwino.

Zinakhala zobisika zaka ziwiri. Kenaka kunabwera kalata yoti a Yohane akubwera kudzaonetsa banja kumudzi, ndipo apongozi awo a ndevu aja akubwera nawo kudzabweza ulendo. Tsiku lofika, mudzi wonse unapita kumsewu kukawachingamira, amayi a nyimbo, akuluakulu a mpingo, aphunzitsi anzanga, ngakhale ana a kalasi langa. Ine ndinali ndi jini langa, nditaima kutsogolo monga munthu wodziwa alendo akunja.

Minibasi inaima. Anatsika a Yohane, nkhope ili pansi. Anatsika akazi awo ndi ana. Pomaliza anatsika bambo wamtali uja, jekete la mabatani asanu ndi limodzi, tayi, chipewa, ndi chitenje chamaluwa ofiira chomangidwa bwino pambali. Pansi pake panaoneka miyendo iwiri yaitali, sokosi ndi nsapato. Thalauzi analivulira ku Zomba, kuti afike kwa asebele wopanda chobisa.

Nyimbo inaima pakati. Amayi ena anabisa nkhope m'mipango. Mlendo anayang'ana uku ndi uku, kufunafuna amuna ena ovala mwambo, ndipo ndinaona nkhope yake ikuyamba kukayika. Pamenepo ndinamva dzanja likundikoka shati. Anali apongozi, atasolola kale chitenje paphewa pa akazi awo.

"Aphunzitsi, thamangani kuseri kwa golosale uko. Esinati akupatsani chake. Mlendo asachite manyazi."

Ndinayesa kunena kuti ana a kalasi langa ali pompano. Iwo anati ndi bwino, aphunzire mwambo.

Ndinavula. Ndinatuluka kuseri kwa golosale nditamanga chilundu, jini nditalipinda m'khwapa, ndipo tinayenda atatu kutsogolo kwa gulu kuchoka pamsewu mpaka kumudzi, mtunda wa makilomita awiri, amayi akuyesa kuimba uku akukomoka ndi phwete. Pofika Lolemba ana anali atandipatsa dzina, ndipo ena mwa iwo, azibambo a ndevu tsopano, akakumana nane ku Zomba amandiitana nalo mwaulemu wonse, poganiza kuti ndi dzina langa lenileni.

Mukandifunsa chimene ndinaphunzira, ndingakuuzeni kuti bodza ukalisiya kunja usaganize kuti latsala komweko, nalonso limadziwa kupangitsa pasipoti. Koma kunena zoona sindikudandaula kwenikweni. Chilundu chimapita mphepo bwino kuposa thalauzi, ndipo mwezi wa Okutobala, chitseko ndikatseka, ndimavalabe.